Za Dengu ndi Mame

Sikelo ija inali ndi nkhope yozungulira ngati wotchi ya pakhoma, ndipo mbedza yake inali itasalala chifukwa cha madengu. Inkapachikidwa pamtanda wa shedi yoyezera masamba, pakati pa munda wa tiyi. Muvi wake unkayamba wanjenjemera usanaime. Amayi ankaupenyetsetsa tsiku lililonse akamaliza kuthyola, milomo ili yotseka. Ine ndimaikumbukira pa chifukwa china: m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, pambedza imeneyo pankalendewera amalume anga.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi, wotsiriza kubadwa, ndipo tinkakhala nawo m'nyumba ya kampani. Masana ankakweza matumba a masamba pathirakitala. Akaweruka ankamenya thumba la mchenga limene analimangirira pamtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Phokoso lake linkamveka ngati munthu akuphwanya chinangwa chouma mumtondo. Ndinali mwana wosayankhula pagulu, choncho ndinkawaonera pazenera, kabuku kanga kolembamo za tsiku kali pamiyendo.

Amene anabweretsa nkhani ya masewera aakulu a dziko lonse lapansi, aja amachitika kamodzi pa zaka zinayi, anali aphunzitsi athu a masamu. Iwo anachokera kumpoto, ndipo paunyamata wawo anamenyako nkhonya. Anthu a kumalaini kwathu, kunyumba za antchito a kampani, ankaganiza kuti boma limangoloza mnyamata wamphamvu n'kumukweza ndege. Aphunzitsi ankapukusa mutu.

"Dziko silitumiza munthu chifukwa limamukonda," ankatero. "Malo amachita kulimbirana."

Anafotokoza atakhala pakhonde pathu. Poyamba munthu agonjetse anzake a kuno kwathu olemera mofanana naye. Akatero dziko limutumize ku mpikisano wa Afirika yense, kumene gulu lililonse la kulemera lili ndi malo owerengeka, ochepa kuposa zala za dzanja limodzi. Opeza malowo ndi amene amapita. Ena onse amabwerera kwawo, ngakhale atamenya bwino chotani.

Vuto linali thupi la amalume. Anali atapitirira pang'ono malire a gulu lawo. Gulu lotsatira linali ndi anthu ataliatali, a manja ofika patali, ndipo aphunzitsi ananena poyera kuti kumeneko amalume akangokhala thumba la mchenga la anzawo. Kunalibe njira ina koma kutsika.

Apa ndi pamene ine ndinalowa m'nkhaniyi, kudzera pakamwa. Chakudya chikabwera, amalume ankadula mzere pakati pa mbale yawo ndi chala, n'kukankhira theka kwa ine. Peyala ankaling'amba pakati, mbali ya nthanga n'kukhala yanga. Chigumu cha m'mawa, chinangwa chophika, nthochi zonona zochokera ku Thekerani, zonse zinkadulidwa. Amayi ankadandaula kuti munthu wonyamula matumba sangakhalire madzi.

"Achimwene, mudzagwa pansi pa thirakitala," ankatero.

"Ndikagwa mudzandinyamula mosavuta, alongo. Ndapepuka."

Ndinkangodya, maso pansi. Masaya anga anadzaza, yunifomu inayamba kuthina m'khwapa, ndipo atsikana a m'kalasi anayamba kunditchula kuti mwana wa manijala. M'kabuku kanga ndinalembamo kuti chaka chino n'chokoma. Lero ndikawerenga mawuwo ndimaona kuti mwana amalemba zoona, koma zoona za mbali yake yokha ya mbale.

Loweruka lililonse, othyola akamaliza kuyezetsa, amalume ankalowa m'chiguduli, anzawo awiri n'kuchikoleka pambedza. Ankalendewera maondo ali pachibwano. Akalaliki, bambo wachikulire amene anakhala pasikelopo kuyambira ine ndisanabadwe, ankayang'ana muvi n'kutchula nambala mokweza monga ankachitira ndi dengu lililonse.

"Tiyi uyu ndi wa giredi yotsika," ankatero. "Mitengo yokhayokha, masamba palibe."

"Lembani basi, akalaliki. Ku Ulaya akaugula."

Nambala inkatsika sabata ndi sabata, mpaka tsiku lina inafika pamene aphunzitsi ankafuna. Amayi a m'shedi analuluta. Usiku wake amalume anadya peyala lathunthu, ndipo ndikukumbukira kuti ndinakhumudwa.

Kutatsala sabata imodzi kuti amalume apite ku mpikisano wa kuno kwathu ku Blantyre, aphunzitsi anawatenga kupita nawo kuchipatala cha paboma, chifukwa womenya nkhonya amayenera kupimidwa asanalowe m'bwalo. Ine ndinatsagana nawo popeza ndinali ndi chifuwa. Amalume ataima pasikelo ya kumeneko, namwino anatchula nambala yoposa ya kumunda ndi kilo ndi theka. Amalume anavula nsapato, anavula malaya, koma muvi unangosuntha pang'ono.

M'minibasi pobwerera munalibe woseka. Amalume ankati sikelo ya chipatala yazolowera odwala. Aphunzitsi ankati imodzi mwa ziwirizo ikunama, ndipo tiyenera kudziwa lero lomwe. Kenako anandiyang'ana ine. Namwino anali atandiyeza inenso, nambala yanga ili m'buku la kuchipatala.

Sindidzaiwala fungo la chiguduli chija, la masamba ophwanyika ndi dothi lonyowa. Anandikoleka pambedza pamaso pa othyola onse, ine amene ndinkalephera ngakhale kukweza dzanja m'kalasi. Chiperoni, chifunga chozizira cha mvula yowaza chija, chinali chitatsika, ndipo timadontho take tinkalowa m'mbali mwa shedi n'kumandigwera pamphumi. Ndinkazungulira pang'onopang'ono, ndikuona nsapato za mphira, kenako phiri, kenako nsapato zomwe zija. Ndinafuna kulira, koma ndinaona nkhope ya amalume, mafupa a m'masaya ali poyera, ndipo ndinaluma mlomo n'kukhala chete kuti muvi uime.

Akalaliki anatchula nambala. Inali yochepa ndi kilo ndi theka poyerekeza ndi ya m'buku langa. Koma ulendo uno aphunzitsi anali ataima kumbuyo kwawo, akuyang'ana muvi ndi maso awo.

"Bambo, muvi sukuloza pamenepo."

"Eya," anatero akalaliki, osadabwa n'komwe. "Ndachotsa za dengu ndi mame."

Umu ndi mmene tiyi amayezedwera. Kampani sigula dengu, sigulanso madzi a pamasamba, choncho kalaliki amachotseratu m'mutu asanatsegule pakamwa. Bambo aja anachita zimenezo kwa zaka zambiri mwakuti lilime lawo silinkathanso kutchula nambala yosachotsera. Ndipo panalibe wothyola ndi mmodzi yemwe amene akanaona cholakwika, chifukwa onse anakulira m'masamu omwewo. Shedi yonse inaphulika ndi phwete. Mayi wina anafunsa ngati amalume ankagona panja kuti akhale ndi mame. Akalaliki anavula chipewa n'kumangochipotokola m'manja.

Amalume sanaseke, sanakalipenso. Ananditsitsa pambedza, anandipukuta pamphumi ndi chikhatho, n'kunena kuti, "Tatsala ndi sabata. Sabata ndi yaitali."

Za sabata imeneyo ndimakumbukira kwambiri phokoso. Mapazi awo m'mawa pamsewu wa miyala wokwera pakati pa tiyi. Chingwe chodumpha chikumenya pansi kuseri kwa nyumba. Mnzawo wa kufakitale anawapempherera kuti nthawi yopuma azikhala pafupi ndi makina oumitsira tiyi, ndipo ankabwerako malaya akudontha, thupi lonse likununkhira tiyi wowotcha. Mzere wa m'mbale unasuntha, mbali yanga n'kukula. Amayi analeka kudandaula. Ankangowayikira madzi ofunda osamba, n'kutuluka panja kukaima kwa kanthawi.

Ku Blantyre sikelo inawavomera. Anagonjetsa anzawo onse a gulu lawo, ndipo dziko linawatumiza ku mpikisano wa Afirika. Kumalaini kwathu anthu anayamba kunena kuti mwana wathu wapita ku masewera a dziko lonse. Aphunzitsi anatopa ndi kukonza mawuwo. Uko amalume anapambana nkhonya zoyamba, ndipo uthenga unkafika pafoni ya aphunzitsi, iwo n'kubwera nawo wapansi mpaka pakhonde. Tsiku lina anabwera akuyenda pang'onopang'ono. Amalume anagonja pa nkhonya imene wopambana wake ankatenga malo. Anatsala khomo limodzi.

Anatsika minibasi ndi chikwama chomwe chija ndi kachilonda kosokedwa pamwamba pa diso. Amayi anali ataphika nyemba zija za kalongonda kuyambira dzulo lake, akumutaya madzi mobwerezabwereza monga amafunira, ndipo anathyola mapeyala akuluakulu a kunsonga. Anawauza kuti tsopano adye ngati munthu, zatha.

Amalume anayang'ana mbale ija kwa nthawi. Kenako anatambasula chala, anadula mzere pakati, n'kukankhira theka kwa ine.

"Achimwene," anatero amayi, mawu ali pansi.

"Zaka zinayi si kale, alongo."

Loweruka lotsatira analowanso m'chiguduli, ndipo akalaliki anatchula nambala ziwiri, ya kampani ndi ya munthu.

Madzulo amenewo ndinalemba m'kabuku kanga kuti amalume abwera ndipo mapeyala ayambiranso. Ndinajambula ndi kaduwa pambali. Ndinkadziwa kuwerenga mpaka zinayi, ndipo ndinaona kuti zikadzatha ndidzakhala ndili ku sekondale, wamkulu, wovala nsapato. Sindinkadziwa kuti zaka zomwezo zimene zinkandikuza ine zinkachotsedwa kwa iwo, mwakachetechete, ngati za dengu ndi mame.