Tinapita Kukaona Malo, Tinapeza Maliro

Tinatuluka m'nyumba mwathu ku Govan, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, m'mawa, kukugwa kamvula kaja kosadziwika mutu wake. Amuna anga, a Phiri, anali patsogolo ndi chikwama, ine pambuyo ndikumvetsera chifuwa chawo. A Phiri amadwala mphumu. Makoma a nyumba yathu amachita thukuta chaka chonse, ndipo m'nyengo yozizira yapitayi ambulansi inabwera kudzawatenga atalephereratu kupuma. Dokotala anangonena modutsa kuti mpweya wouma ungawathandize, koma kwa a Phiri kunali kuthira mafuta pamoto. Anayamba kugonera pafoni mpaka anapeza kamudzi ka m'chipululu kum'mwera kwa Spain, kodzaza ndi mahatchi, komwe malo a nyumba ndi munda akugulitsidwa pamtengo wa galimoto yakutha. Poti tinayamba takhala ku Dublin ndipo mapasipoti athu ndi a ku Ireland, omwe amaloleza munthu kukhazikika ku Spain, panalibe wotiletsa kukakhalako, kupatula ine.

Mantha anga ndinali nditawauza poyera. Ku Glasgow tili ndi mpingo. Mmalawi akamwalira nyumba imadzaza, amayi amayimba, abambo amathamanga mpaka thupi lipite kumudzi. Nanga kuchipululuko zinthu zitavuta, ndingalire ndi ndani? Mahatchi?

Mwana wathu Tadala, yemwe ali ku yunivesite, anatiperekeza kokwerera basi ya ku eyapoti. Tinalipira mapaundi khumi ndi kanthu aliyense, ine n'kudandaula ngati ndiyamba kumene kukwera.

"Mum, yous are pure mad," anatero mwanayo akundikumbatira, kutanthauza kuti tapenga. Kenaka anayesa Chichewa chake chopindika: "Musamale dadi, eti?"

M'ndege a Phiri anakhosomola mpaka mzungu wa pambali pathu anatembenukira kuzenera. Ndinawapatsa inhela yawo, kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa kaja, ndipo anapopa maso ali psuu.

"Mayi a Tadala, musandiyang'ane ngati ndafa kale," anatero.

"Ndiye musamalire ngati chitseko chakale."

Tinatera ku Malaga dzuwa lili paliwombo. Kutentha kunatilandira pakhomo penipeni pa ndege, ndipo jekete langa la ku Scotland linasanduka katundu. Basi ya ku Almeria inali mayuro makumi awiri ndi pang'ono. Inayenda m'mbali mwa nyanja masana onse, kudutsa minda yofunditsidwa mapulasitiki oyera mpaka kumene maso amalekeza. Tinadya mandasi amene anatikazingira Mayi Nyirenda a kumpingo, amene potipatsa anandinong'oneza kuti, "Mukaone ngati kuli anthu, osangoona dothi." Mawu amenewo anandikhala pakhosi kuposa mandasiwo.

Tinagona ku Almeria, ndipo m'mawa tinamwa khofi wowawa ndi buledi wopaka tomato ndi mafuta. A Phiri anakulira ku Lizulu, pamalire, choncho ali ndi Chipwitikizi cha pamsika chimene amakhulupirira kuti ndi mlongo wake wa Chisipanishi. Ndi chimenecho anafunsira kabasi kopita kumudzi kuja. Dalaivala anawayang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa kawiri ngati tikudziwa kumene tikupita.

Titangochoka m'tauni mitengo inatha. Kunatsala mapiri otuwa ong'ambikang'ambika ndi mitsinje ya mchenga wokhawokha. Kwathu ku Ntcheu malo otere ngakhale mbuzi ingawakane. Anthu ankatsika mmodzimmodzi mpaka m'basi tinatsala awiri, ndipo ine ndinali kuwerengera mumtima kutalika kwa msewu wobwerera kuchipatala. A Phiri anali atatsegula zenera, mphuno ili kunja.

Kamudziko ndi ka nyumba zoyera, zambiri zotseka mazenera. Pafupi ndi chitsime cha pabwalo panali mahatchi atawamangirira pamthunzi, akuthamangitsa ntchentche ndi michira. Ine ndinawalambalala patali, chifukwa chinyama chachitali kuposa ine sindichita nacho chibale. Anatilandira mayi wina dzina lake Pilar, amene akugulitsa malo a malemu bambo ake. Amalankhula Chingerezi chifukwa anagwirako ntchito m'mahotela.

Tinali tisanafike n'komwe pamalopo pamene belu la tchalitchi linayamba kulira pang'onopang'ono. Pilar anati wamwalira mkulu wina woweta mahatchi, koma tisadandaule, tidzera njira ya kuseri. Tisanakhote, maliro aja anatulukira. Kutsogolo wansembe, kenaka bokosi pamapewa a abambo anayi, onse a imvi. Pambuyo pake munthu wina ankakoka hatchi ya malemuyo yopanda wokwera, ndipo potsiriza timayi tochepa tovala zakuda. Panalibe nyimbo. Ndinawayang'ana anthuwo ndipo ndinadabwa ndi kuchepa kwawo, chifukwa ku Govan ngakhale pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana timachuluka kuposa pamenepo.

A Phiri anavula chipewa. Kwathu sudutsa maliro ngati sukuwaona, makamaka pamudzi pomwe ukufuna kupempha malo. Ndipo mwamuna sayang'anira anzake akulemedwa ndi bokosi. Umangofika, kumugwira mnzako paphewa, iye n'kukupatsa mpata. Njira ya kumanda inali yokwera, ndipo mkulu wa kumbuyo kumanzere miyendo inali ikunjenjemera. Ndinaona a Phiri akundipatsira chikwama.

"Bambo a Tadala, kuno si ku Lizulu," ndinanong'ona. "Atiyesa amisala. Komanso chifuwa chanucho!"

"Maliro n'kulirana, mayi," anatero, uku akupita.

Anafika n'kumugwira mkulu uja paphewa. Gulu lonse linaima. Wansembe anatembenuka, timayi tija tinasiya kupukuta misozi, ngakhale hatchi inadzutsa mutu. Munthu wakuda wosadziwika, wotsika basi kumene, wagwira bokosi la m'bale wawo! Pilar anayamba kulankhula mofulumira, koma mkulu uja anangowayang'ana a Phiri m'maso, n'kusuntha pang'onopang'ono, n'kuwasiyira ngodya yake. Mkuluyo anatsalira akupuma movutika, dzanja lili pakhoma.

Gulu lija linanyamuka. Ine ndinalowa pakati pa amayi aja, inhela ndaifumbata m'dzanja, maso ali pamsana pa amuna anga. Munthu ameneyu kwathu amapumira panjira pokwera masitepe a nyumba. Ndinkadikira kuti agwada, bokosi ligwa, ndipo tiika anthu awiri tsiku limodzi. Ndinapemphera mapemphero opanda mutu. Dzuwa linali kuswa mtengo, fumbi likukwera, koma msana uja sunapindike mpaka tinalowa pachipata cha manda.

Kumeneko sakumba. Bokosi amalilowetsa m'khoma lokhala ndi timapanga, n'kutseka ndi simenti. Zinandiwawa kuona munthu akuikidwa popanda wothira dothi. Mkazi wa malemuyo anabwera n'kugwira manja a a Phiri ndi manja ake onse awiri, akulankhula zambiri. Pilar anatimasulira kuti ana awo ali kumizinda yakutali ndipo sanathe kufika msanga, komanso kuti m'mudzimo abambo otha kunyamula bokosi atsala omwe tawaonawo.

"Akufunsa ngati mukubwera kudzakhala," anatero Pilar. "Akuti kukufunika achinyamata."

Achinyamata, ife a zaka zopitirira makumi asanu! Ndinafuna kuseka koma m'malo mwake misozi inatsika. Zimene ndinkaopa ndinali nditaziona ndi maso anga: kuno tikadzaika onsewa, ife sipadzakhala wotinyamula.

Madzulo Pilar anationetsa malo aja. Ndi miyala, mitengo ya maolivi yokalamba, kanyumba kofuna denga, ndi khola la hatchi ya mnansi kuseri kwa mpanda. Madzi amabwera mwa apo ndi apo. A Phiri anazungulira malire onse wapansi, akutola dothi n'kulinunkhiza, akuloza pomwe adzadzale mpiru. Ine ndinakhala pamwala ndikuwamvetsera monga ndimachitira masiku onse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri sindinamve kalikonse kolira m'chifuwa mwawo.

Anabwera n'kukhala pambali panga, thukuta lili kamukamu.

"Nanga mwaona bwanji, mayi? Nenani zoona."

"Ndaona kuti kuno kulibe anthu," ndinatero. "Mukadzafa kuno ndidzalira ndekha."

Anazunguza chipewa m'manja. Mantha anga sanathe, ndipo mpaka lero ndikaganiza za khoma la timapanga lija tulo timandithawa. Koma ulendowu unandionetsa kuti nthawi yonseyi ndinkakonzekera maliro a munthu woti akadali moyo. Ku Govan kuli anthu ambiri odzawanyamula a Phiri, pamene kuchipululu kuja ndinawaona iwo akunyamula mnzawo, kukwera naye phiri.

"Muuzeni Pilar ayambe za denga," ndinatero. "Koma hatchiyo isandiyandikire."