Mpando Umodzi m'Ndege ya Bambo Anga

Ndidali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ng'ombe za abambo aakulu zidawononga phiko la ndege ya bambo anga. Ndikanena zimenezi anthu amayamba aseka kaye, ena amafunsa ngati idali ndege ya mawaya. Ayi, idali ndege yeniyeni, yakalekale, ya mipando iwiri, ndipo ineyo nkhani imeneyi sidandiseketsepo.

Bambo anga adakhala ku Joni zaka zambiri, monga amachitira amuna ambiri a kwathu kumwera kwa Mzimba. Anzawo ankagwira ntchito m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa, koma iwo adagwera pa kabwalo kena ka ndege zing'onozing'ono. Adayamba ndi kusesa, kenaka kugwira sipanala, mpaka adaphunzira kuulutsa ndi kutenga chiphaso. Pobwerera kumudzi anzawo ankabwera ndi malata ndi mawailesi. Iwo adabwera ndi lole itanyamula chigoba chachitsulo, injini yokutidwa ndi lona, ndi mapiko awiri amaliseche, nthiti zokhazokha za matabwa. Mudzi wonse udagwirizana kuti mutu wawo sukuyenda bwino.

Ndege za mtundu umenewo sizikutidwa ndi malata, zimavala nsalu. Bambo ankamata nsalu yoyera yolimba pa phikolo, n'kuisita ndi nsimbi yamagetsi, jenereta ikulira, mpaka nsaluyo itakungika ngati chikopa cha ng'oma. Kenaka inkafunika kusokerera pa nthiti iliyonse ndi singano yaitali ngati mkono wanga. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Phiko linkaimikidwa chammbali, amayi mbali iyo, ine mbali ino, osaonana. Iwo ankabaya, ine n'kulandira singano, kuibweza, n'kumanga mfundo imene bambo adandiphunzitsa. Mfundo iliyonse bambo ankaikoka ndi chala, ikagwedera ankangoidula. Tikamaliza ankapaka mankhwala ena onunkha ngati opaka zikhadabo aja, opweteketsa mutu.

Zala zanga zidatuluka matuza, koma sindinkadandaula chifukwa cha lonjezo. “Usoke bwino, Tiwonge,” adatero bambo tsiku lina. “Tsiku loyamba kunyamula munthu, mpando wakutsogolo ndi wako. Ukaona mitengo ya paini ya ku Luwawa ndi damu lake uli kumwamba.” Kusukulu padalibe amene sadamve za mpando umenewo.

Abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, ndiwo ankasunga ng'ombe za banja lonse. Adali munthu wamtali, wovina ingoma, wokonda kunena pa mowa kuti chibadwire sadathawepo kanthu. Vuto lidali malo. Bwalo la ndege bambo adalilambula pa chigwa chimene ng'ombe zinkadutsa popita kukamwa madzi. Adagumula zulu, kusalaza, n'kupempha kuti ng'ombe zizilambalala, chifukwa ziboda zikaponda nthawi ya mvula zimasiya maenje othyola gudumu. Abambo aakulu adavomera ndi pakamwa pokha.

Lamulungu lina makolo anga adapita kutchalitchi ku Embangweni, ine ndidatsala chifukwa cha malungo. Phiko lakumanzere, limene tidali titangolimaliza, lidali panja pa shedi, litagonekedwa pa mabenchi kuti liume. Chakumasana ndidamva phokoso ngati munthu akung'amba chitenje. Ndidatuluka mutu ukuzungulira. Ng'ombe zidali zitalizinga phikolo, zikunyambita, chifukwa fungo la mankhwala aja ng'ombe zimalikonda zedi. Benchi imodzi idali itagwa, ndipo nkhunzi yakuda ya abambo aakulu idali itaponda pakati penipeni pa phiko, nsalu ikulendewera kukamwa kwake. Mbusa padalibe. Amene adalipo adali abambo aakuluwo, ataima pansi pa mtengo wa msuku, atatsamira ndodo yawo, akuonerera.

“Adada ŵalala, ng'ombe!” ndidakuwa.

“Naziwona,” adayankha osasuntha. “Zikunyambita waka. Iwe ukudwala, kagone.”

Ndidazithamangitsa ndekha ndi zibuma, ndikulira. Iwo adayenda pang'onopang'ono pambuyo pa ng'ombe zawo, akuimba likhweru.

Mlandu udakakambidwa kusangweni, pakhomo la khola pamene amuna a kwathu amakhala pokamba nkhani. Mkazi safikapo pamenepo, nanji kamtsikana, choncho ndidamvera ndili kuseri kwa nkhokwe. Abambo aakulu adati iwo kudalibe, ng'ombe zidangomupulumuka mbusa. Bambo atanena kuti mwana adawaona, mkulu wina adati mwana wa malungo amaona zambiri. Wina adati ng'ombe zikadya chimanga pamakhala chindapusa, koma nanga munthu woyanika nsalu pabusa tizimuweruzira bwanji? Onse adaseka. Bambo anga adaomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti yewo, kuwathokoza. Mawu amenewo adandiwawa kuposa kusekako.

Kuyambira tsiku limenelo ndidawada abambo aakulu ndi mtima wanga wonse. Ndidasiya kuwapatsa moni mpaka amayi atandikoka khutu. Ndikawagwadira powapatsa madzi osamba m'manja, ndinkalakalaka madziwo atakhala owira. Ndinkaganizira nkhunzi ija, ndi chitini cha mankhwala chimene inkachikondacho, mmene ingafere itamwa chonse. Kaya bambo adaona chiyani pankhope panga, koma adayamba kukhoma loko pa shedi. “Ng'ombe ilibe mlandu,” adangotero, n'kuika kiyi m'thumba.

Kukonza kudatenga miyezi. Nthiti zothyoka adazisema zatsopano, nsalu ina tidaidikira kuchokera ku Joni kudzera kwa anyamata amene amanyamulira anthu katundu wobwera kumudzi. Itafika tidayambiranso, amayi mbali iyo, ine mbali ino. Ulendo uno bambo sadadule mfundo yanga ngakhale imodzi, chifukwa iliyonse ndinkaikoka ngati ili pakhosi pa munthu. Adaikamo wailesi yatsopano ndi malamba atsopano. Kudabwera injiniya wochokera ku Lilongwe, adadinadina nsalu, kusuzumira paliponse ndi tochi, n'kuvomereza. Mmawa wina bambo adauluka okha, kuzungulira mudzi n'kutera bwinobwino. Amene ankati mutu wawo sukuyenda adali patsogolo kuwagwira chanza.

Tsono mafuta a ndege si a pa filing'i siteshoni ya pa boma. Adabwera mu dilamu kuchokera ku Lilongwe, ndipo otsalawo adali a ulendo umodzi wokha. Bambonso nthawi yawo yokhala kumudzi idali kutha, ankayenera kubwerera kuntchito ku Joni. Lachisanu masana ndidawapeza akuthira timafuta m'kabotolo kuti aone ngati mulibe madzi, monga ankachitira nthawi zonse. Adalankhula maso ali pa kabotoloko.

“Ukudziwa mwambo wathu, Tiwonge. Chinthu chatsopano chikafika pakhomo, woyamba kulawa ndi wamkulu. Anthu ayamba kale kunong'ona. Koma ine ndidalonjeza iwe, ndipo wasoka ndiwe. Ukafuna kukwera, mawa ukwera, zonena anthu undisiyire ine. Ukafuna kupereka kwa adada ŵalala, mbwenu ukapereke wekha, pamaso pa anthu.”

Ndidatsala pang'ono kulira ndi mkwiyo, kenaka china chake chidandigwira m'mutu. Ndidayang'ana phiko lakumanzere lija, loyera, lili pamwamba pathu.

“Angakane?” ndidafunsa.

“Pagulu? Munthu wa ingoma?” Kukamwa kwa bambo kudagwedera pang'ono ngati akubisa kumwetulira. Pamenepo ndidadziwa kuti yewo wa kusangweni uja sadachokere mumtima. Koma adanditembenukira n'kunena kuti, “Uganize bwino chomene, mwana wane. Mafuta ndi a ulendo umodzi.”

“Ndege sikuthawa,” ndidatero. “Ndidzakwera chaka chamawa.”

Loweruka mmawa kudali bata, kopanda mphepo. Anthu adadzaza m'mbali mwa bwalo, ena ochokera midzi yakutali, ngakhale anyamata ocheka matabwa ku Luwawa adabwera pa njinga. Abambo aakulu adali pampando wawo kutsogolo, atavala jekete, ndodo ili pakati pa miyendo. Ndidayenda mpaka pamaso pawo, ndidagwada bwinobwino monga mwana woleredwa, n'kukweza mawu kuti aliyense amve.

“Adada ŵalala, mpando wanga ndapereka kwa inu. Wamkulu ndinu, muyambe ndinu.”

Amayi ena adaimba nthungululu, akuti taonani mwana wamwambo. Abambo aakulu adaseka kuseka kouma. “Yayi, yayi, mwana akwere. Ife tidakalamba.” Koma anzawo a pa mowa adali pomwepo. Wina adafunsa ngati munthu amene sadathawepo kanthu angayambe lero kuthawa nsalu. Abambo aakulu adayang'ana uku ndi uku, kothawira kudalibe. Adapereka ndodo kwa mnzawo n'kuimirira.

Kulowa m'kandege kameneko n'kovuta kwa munthu wamtali, mawondo adafika pafupi ndi chibwano. Bambo adandiuza kuti ndiwamange malamba, iwo n'kupita kutsogolo kukayang'ana injini. Ndidamanga pang'onopang'ono, ndikumva fungo la thukuta lawo. Nditamaliza ndidaloza phiko limene lidali pamwamba pa mutu wawo, n'kulankhula motsitsa.

“Phiko ili ndi lija. Ndasoka ndine. Kungoti masiku ena malungo ankandibwerera, ndiye mfundo zina sindikuzikumbuka bwino.”

Lidali bodza lamkunkhuniza, mfundo zimenezo zikadanyamula ngakhale nkhunzi yawo ija. Abambo aakulu adatsegula pakamwa kuti alankhule, koma nthawi yomweyo bambo adapukusa chopukusira chakutsogolo ndi manja, injini idalira, ndipo palibe adamvanso kanthu.

Ndege idathamanga pa udzu, idanyamuka, n'kulowera cha ku Luwawa mpaka kusanduka kadontho. Anthu ankayang'ana kumwamba, ine ndinkangoona nkhope ija m'maganizo, ndipo mtima wanga udali mbee. Pobwerera bambo adapendeketsa ndege kumanzere pamwamba pa khola la ng'ombe, mbali ya phiko lija, adazungulira, n'kuzunguliranso. Atatera, abambo aakulu adalephera kumasula malamba. Adachita kuwatulutsa anthu awiri. Adagwira chitsulo chochirikiza phiko, n'kusanza pafupi ndi gudumu, ndipo buluku lawo lidali litanyowa mpaka m'mawondo. Ana adaona, ndipo ana sasunga chinsinsi. Ine ndidakaima patsogolo pawo penipeni kuti akadzutsa mutu aone ine.

“Mwayenda makora, adada ŵalala?”

Ndinene mosabisa, chibadwire sindidamvepo kukoma ngati kwa mmawa umenewo. Ng'ombe zawo sizidapondenso pa bwalo lija.

Chaka chamawa chija chidafika, bambo adabwera ndi dilamu ina ya mafuta. Koma injiniya atadzayendera adapeza mng'alu mu injini, ndipo zipangizo za injini yakale choncho sizipezeka wamba. Bambo adafufuza ku Joni, adalonjezedwa, adadikira. Akudikira choncho adayamba kudwala, ndipo sadadzukenso. Ndege idakhala mu shedi mavu akumangamo zisa, mpaka amayi adaigulitsa kwa munthu wina amene adadzaitenga pa lole, mapiko atachotsa. Ine sindidakweremo ngakhale tsiku limodzi.

Manyazi a abambo aakulu sadakhalitse. Pasanathe nthawi nkhani idayamba kusintha m'kamwa mwawo. Za buluku zidaiwalika, kudatsala damu la ku Luwawa lonyezimira ngati mbale yotsukidwa, mitengo ya paini yondanda ngati tsitsi lopesedwa, msewu wa ku Mzimba wopyapyala, denga la tchalitchi, ng'ombe zawo zomwe zikuoneka ngati nyemba zotayika pabwalo. Kani munthuyo maso sadatseke ayi. Ankafotokoza bwino kwambiri, ana ankamuzinga, akuluakulu ankamugulira mowa kuti abwereze. Bambo atamwalira, m'mudzi monse mudatsala munthu mmodzi yekha amene adakuona kwathu ali kumwamba. Ndinkadana nawobe, koma akayamba kufotokoza ndinkapezeka ndaima kuseri kwa khoma, mtsuko uli pamutu, ndikumvetsera. Pa maliro awo wolankhula adati tataya munthu wolimba mtima, amene adakwera ndege ya nsalu osaphethira.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo abambo aakulu sindidawakhululukire, asandinamizire munthu. Atadzuka lero ndikhoza kuwamanganso malamba aja. Chimene ndikumvetsa tsopano ndi zimene bambo ankatanthauza ndi kabotolo kawo m'manja, ponena kuti mafuta ndi a ulendo umodzi. Sadandiletse kubwezera, nawonso ankakufuna. Ankangondiuza kuti chokwapulira chimene ndasankhacho ndi changa, ndipo chikatha chatha. Ndidamulanga munthu uja ndi chinthu chimene ndinkachifuna kuposa china chilichonse. Mantha ake adauma pamodzi ndi buluku, koma zimene adaona zidakhala zake mpaka kumanda. Ndikafuna kudziwa mmene kwathu kumaonekera uli kumwamba, ndilibe kwina kokatenga, ndimachita kubwereka mawu a munthu amene adandiphwanyira phiko.