Jakisoni wa Pamlomo ndi Chinkhoswe Changa

Anzanga, ine sindidziwa kuzungulira. Nkhani ili chonchi.

Nickson ndinakumana naye pa Namitete, pakhonde pomwe ndimasokera. Kusokaku ndinadziphunzitsa ndekha, kumasula madiresi akale n'kuwabwezeretsa. Iye anabwera ndi thalauzi lofa zipi.

"Asisi, mungathe kuikapo ina lero?"

"Ndikanakhala wosatha, bwenzi nditakhala pano kumatani?"

Anaseka. Nanenso ndinaseka mwangozi, n'kutseka pakamwa ndi dzanja. Ine ndikamwetulira mlomo umakwera kumanja kokha, kumanzere umatsalira. Ndinadwala ndili Standard 6, nkhope inapindika, sinabwererenso bwinobwino. Kusukulu ankati Edina amaseka hafu.

"Chotsani dzanjalo," anatero. "Smile imeneyo palibe wina ali nayo. Ngakhale pakati pa msika ndingakuzindikireni nayo."

Anzanga, ndinafewa!

Loweruka lililonse ankachoka ku Nambuma panjinga yamoto, n'kufika ali fumbi lokhalokha, atandinyamulira mzimbe. Ndinasiya kubisa pakamwa. Chaka chitatha, malume anga a Bernard anakumana ndi ankhoswe ake, tsiku la chinkhoswe n'kuikidwa.

Kutatsala masabata awiri ndi pomwe anayamba kukanda m'mutu.

"Babe... paja kudzabwera wojambula wa ku town. Mabwana anga akuntchito adzakhalaponso."

"Ndiye?"

"Pali mayi wina, Nancy, amabaya kajakisoni pamlomo. Five minutes basi. Mbali yokwerayo imatsikako pang'ono, zonse n'kufanana."

"Suja unkati palibe wina ali nayo?"

"Ndimaikonda! Ndi za zithunzi chabe, eti."

Ndinamugenda ndi choko chosokera. Koma atapita ndinaima pagalasi la makasitomala, kumwetulira, kusiya, kumwetuliranso. Kodi chaka chonsechi ankangopirira? Funsoli linandidya mpaka ndinamuimbira.

"Chabwino. Ndipita."

Nancy sanali kuchipatala. Anali kuseri kwa saluni ina, mankhwala ali mu cooler box yogulitsira mafrizesi.

"Munaphunzira kuti zimenezi?" ndinafunsa.

"Iwe, ndabaya akazi a mabwana osawerengeka. Khala phee."

Ine ndimadziwa kuti diresi ukalakwitsa umamasula ulusi. Nanga nkhope umamasula bwanji? Funso limenelo ndinalimeza, ine wosameza mawu uja.

Tsiku lachinayi ndikumwa tiyi ndinangomva kutentha pachibwano. Tiyi akutayikira! Ndinathamangira pagalasi. Mbali yabwinobwino ija, yomwe inkandisekera, inali itagwa. Mawu ankatuluka ngati ndavwira mbatata yamoto. Foni ya Nancy? Yozimitsa.

Ndinapita kuchipatala cha mishoni. Adokotala anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mankhwala amenewa sitingawachotse, amatha okha. Mwina miyezi itatu, mwina kupitirira. Wakubayaniyo ndani?"

"Chinkhoswe changa n'cha Loweruka la sabata yamawa, adokotala."

Anangolemba m'kabuku.

Ndinamutumizira Nickson chithunzi. Blue ticks. Patapita maola: "Zisintha, osadandaula." Loweruka la sabata yomweyo njinga yamoto sinamveke. Sabata yonse yotsatira ndinasoka diresi yanga, kamphindi kalikonse kuyesa mlomo pagalasi ngati wadzuka. Ndinafuna kusuntha tsiku, koma mayi anali atawiritsa kale thobwa, achibale a ku Kabudula atafika. Ndinkadziuza kuti munthu amene anandikonda ndili wokhota sangandikane ndili wodwala.

Mwambo wake mukuudziwa. Atsikana timatuluka titafundidwa zitenje kumutu, mwamuna n'kumavundukula mmodzimmodzi mpaka apeze wake. Tinali atatu: msuweni wanga Lidiya, mnzanga Florence, ine kumapeto. M'kati mwa chitenjemo ndinkangopukuta malovu.

Anavundukula Lidiya. "Si ameneyu!" Chiseko, nthungululu.

Anavundukula Florence. "Iiih, uyu ndi wa eni ake!" Chiseko china.

Kenako ndinaona nsapato zake patsogolo panga. Chitenje chinakwera. Ndinayesa kumwetulira, anzanga, ndinayesetsa ndithu... palibe chinasuntha. Anandiyang'ana. Anayang'ana mabwana ake pampando wakutsogolo. Anayang'ana kamera.

Chitenje chija anachibwezera pansi, n'kundiphimbanso.

"Si ameneyu."

Anthu anaseka, woyendetsa mwambo n'kukuwa, "Bweretsani wina!" Koma panalibe wina. Chiseko chinazima pang'onopang'ono. Ndinamva mawu a malume:

"Bambo, atsikana athera pomwepa."

"Ndimangocheza, malume... ndi masewera."

Masewera? Ndinavula chitenje ndekha n'kuchiponya pa nsapato zakezo. Ndinalanda maiki. Mawu ankatuluka opotoka, malovu akutsika, koma aliyense anamva.

"Wanena zoona, si ine. Edina amene anamufunsira uja ankaseka hafu. Iye mwini ndi amene anamutumiza kwa mayi wa cooler box kuti mabwana asachite manyazi. Malume, tambala wawoyo musalandire, abwerere naye ku Nambuma."

Malume anali atatambasula kale manja kuti alandire tambala wa chinkhosweyo. Anawabweza n'kuwaika m'matumba.

Lero ndi sabata lachisanu ndi chinayi. Nickson amaimbabe, ndimangoiyang'ana foni mpaka itope. Makasitomala ndimawayankha nditayang'ana pa singano. M'mawa uliwonse ndimaima pagalasi ndi mantha, poti adokotala anati "mwina". Dzulo kangodya ka mlomo kanagwedezeka pang'ono, kumanja, mbali yanga ija. Ndinalira.

Anzanga, munthu akakuuzani kuti amakukondani mmene mulili, dikirani muone ngati adzanenabe choncho pamaso pa anthu amene amawaopa.

Ine sindikupemphanso mlomo wowongoka. Ndikudikira hafu yanga ibwerere.