Miphika ya Eduviges

Eduviges anayamba kuumba miphika asanathe msinkhu. Amayi ake ndiwo anamuphunzitsa kusungunula greta, ufa wachikasu umene umawalitsa mphika ukatuluka m'ng'anjo. Ankavundula ndi mkono mpaka m'chigongono, ndipo pamsika wa m'tauni ya Pátzcuaro ogula ankaidziwira patali miphika yake. Ana asanu anawalera ndi dongo.

Atayamba imvi, m'mudzi mwawo munafika anthu a kafukufuku. Anabaya ana m'zala, napala dothi la pabwalo. Anapempha kumujambula manja Eduviges, iye n'kuwatambasula monyadira. Patapita miyezi anabwera ndi zotsatira: mdzukulu wake Tadeo anali ndi mtovu wambiri m'magazi kuposa ana onse. N'chifukwa chake anachedwa kulankhula, ndipo ankaiwala zimene wangouzidwa kumene.

"Mtovuwo uli mu greta, mayi," anatero mtsikana wina wa kafukufukuyo, mwaulemu ndithu. "Mwana amapuma fumbi lake, amadyanso nyemba za m'miphikamu."

"Ine ndakula n'kudya momwemo."

"Inunso muli nawo."

Chithunzi cha manja chija anakachipachika kuchipatala, chenjezo lili m'munsi. Nkhope sinaoneke, koma mphete yake panalibe wosaidziwa.

Mpongozi wake Yesenia, mayi wa Tadeo, anamanga katundu. "Amayi, paja munkati mwanayu anatengera kupusa kwa kwathu. Lero mukuti bwanji?"

Eduviges anangoyang'ana pansi. Yesenia anabereka Tadeo, ulendo wa kwa makolo ake.

Greta yense Eduviges anamutaya, n'kuyamba kupaka mankhwala atsopano amene akafukufuku anasiya. Koma mankhwalawo ankafuna moto woposa wa ng'anjo yake, choncho miphika inkatuluka yotuwa. Ogula ankaigogoda, kuibwezera pansi, n'kupita kwa Macaria woyandikana naye, amene anakaniza ana ake kubayidwa ndipo greta sanamusiye.

"Mwaonatu anzanga," ankatero Macaria akukulunga mphika m'nyuzipepala, "magazi osayezedwa sadwala."

Akafukufuku aja sanabwerenso. Akuti ntchito yawo inatha bwino, ndipo anakaifotokoza kumisonkhano yakunja.

Masiku ano Eduviges amaumba miphika yodzalamo maluwa, yosapaka kanthu, imene imagulidwa mwa apo ndi apo. Tadeo amabwera pa chikondwerero cha mudzi chokha, mnyamata wamtali amene akubwerezabe kalasi yachiwiri. Amayi ake amamunyamulira chakudya m'kontena, madzi m'botolo, ndipo pabwalo la agogo ake samulola kukhala pansi.