Amalume ndi sitima ya ku Beira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaona nyanja yamchere koyamba, ndipo anandionetsa ndi amalume anga, a Zakariya. Iwowa ankagulitsa m'kantina ya Mpwitikizi wina ku Ulongwe, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Vila Coutinho. Pakhoma la kantinayo panali chithunzi cha sitima yapamadzi yoyera mbee, anthu atakhala pamipando yawofuwofu akudya nsomba zikuluzikulu. Amalume anachiyang'ana chithunzicho zaka zambiri mpaka chinawalowa mumtima.

Chaka china mbatatesi za kumunda kwawo zitachita bwino, analengeza kuti akupita kukapuma pa sitima yoteroyo, kuchokera ku Beira kukafika ku Quelimane n'kubwerera. Popeza analibe mwana, iwo ndi akazi awo, azakhali a Marita, anasankha kutenga ine. Mudzi wathu wa kufupi ndi Fonte Boa unatekeseka. Potuluka m'tchalitchi amalume ankauza aliyense kuti pa sitimapo munthu amangokhala, chakudya n'kumamulondola chokha.

Tinakwera lole mpaka ku Moatize, kenako komboyo, sitima yapamtunda, mpaka ku Beira. Padoko amalume anavala jekete lawo la Lamlungu. Woona matikiti anangoyang'ana kamodzi n'kutilozera makwerero otsikira pansi.

Chipinda chathu chinali pafupi ndi injini. Ife anthu a kumapiri, ozolowera chisanu ndi nkhungu, tinangokhala ngati tatsekeredwa m'ng'anjo. Munkanunkha mafuta ndi nsomba zouma, ndipo m'matiresi munali nsikidzi. Pa chakudya ankatipatsa mpunga wa anankafumbwe ndi nsomba imene inali itayamba kusasa, m'mbale zonona mafuta a dzulo. Woperekera zakudya, munthu wakuda ngati ife tomwe, ankatidutsa atanyamula nkhuku zootcha kupita nazo kumtunda kwa azungu. Pamakwerero opita kumeneko panali unyolo.

Sitima itangoyamba kuyendayenda ndi mafunde, azakhali anayamba kusanza. Ndikuwaonabe amalume atakweza dzanja mwaulemu, akupempha madzi akumwa m'Chipwitikizi chawo chosalala cha m'kantina. Anayankhidwa kuti adikire. Anadikira, anapemphanso, koma madziwo sanabwere. Pamapeto pake anavula jekete, n'kutenga chitini kukasaka okha mpopi. Nyanja imene tinaidzera ndinkaionera kumbuyo kwa sitima, pampata wa pakati pa matumba a katundu. Inali yaikuludi, koma ine ndinali ndi njala yoopsa.

Pobwerera, lole itayamba kukwera mapiri athu, azakhali anandinong'oneza kuti, "Rozina, kumudzi ukanene kuti zinali bwino. Amalume akowa asakachite manyazi." Ndinavomera mosavuta, chifukwa nanenso ndinkafuna kukawatsekula maso anzanga.

Tsiku lotsatira masana, anthu anadzaza pakhonde la amalume kudzamva za ulendo. Pakati pawo panali a Mbewe, mnzawo wa amalume kuyambira ali anyamata. Iwowa anati alankhula kale ndi munthu wa ku Domwe woti agule ng'ombe zawo ziwiri zokoka ngolo, kuti nawonso akayendetseko mayi a kunyumba pa sitimayo. Ng'ombezo n'zimene zinkawatutira chimanga ndi mbatatesi. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwana sanama. Tatiuza iwe Rozina, munkadya zotani kumeneko?"

Ndinayang'ana azakhali, iwo anayang'ana pansi. Ndisanatsegule pakamwa, amalume anandigwira paphewa.

"Mwanayu musiyeni, ndiyankha ndine," anatero mofatsa. "A Mbewe, ng'ombe zanu zisachoke m'khola. Ife takavutika. Tagona ndi nsikidzi, tadya nsomba yoola, ndipo akazi angawa atadwala panalibe wowapatsa ngakhale madzi. Zimene ndinkakuuzani zija ndinkangoziona pakhoma."

Kenako mnyamata wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Amalume anakhala pamenepo mpaka chiseko chinatha, osadzikometsera. Kuyambira tsiku limenelo anapatsidwa dzina loti a Kapitawo a Nsikidzi, ndipo linawamatirira mpaka imfa yawo. Ana ankawaitana nalo akamadutsa panjinga, iwo n'kumangokweza chipewa.

Ine zinandiwawa kwambiri, chifukwa nanenso anzanga a kusukulu ya mishoni ankandiseka. Tsiku lina ndikuthandiza amalume kusankha mbewu ya nyemba, ndinawafunsa chifukwa chimene sanangokhalira chete.

"Manyaziwa ndi anga, ndinakawatenga ndekha ku Beira," anandiyankha osasiya kusankha. "Ndiwagawirenso a Mbewe? Ndipo iwe ndinakutenga kuti ukaone nyanja, osati kuti ukaphunzire kunama."

Nthawi imeneyo ndinangoona ngati amalume sadziwa kudziteteza. Lero ndakalamba, ndipo ndaona anthu ambiri akubwerera kuchokera ku Joni, kutawuni, ngakhale kuukwati, akutamanda malo amene anawaliritsa, n'cholinga choti asasekedwe. Wowamvera amagulitsa zake n'kulondola njira yomweyo, nayenso n'kudzabwera akutamanda. Amalume anasankha kusekedwa ndi mudzi wonse kuti tsoka lawo lithere pa iwo okha. Pa anthu onse amene anakhala pakhonde paja masana aja, amene ndimawakumbukira ndi ulemu ndi iwo amene tinkawaseka.