Filimu ya masuti imene inatulutsa mayina

Ndikukumbukira chisakasa cha vidiyo cha a Fulayi pa kamsika kathu kwa Kaduya, zaka zimene tinali titayamba kuzolowera matipate. Chinali cha udzu, mkati atakhomamo masaka kuti dzuwa lisalowe, ndipo Loweruka masana munkanunkha thukuta, zitumbuwa ndi utsi wa jenereta. Ndinali mu Sitandade 6. Atsikana sankatilola kulowamo kawirikawiri, koma ine ndinali ndi mwayi chifukwa womasulira mafilimu anali amalume anga a Layisoni, mlongo wawo wa amayi.

Chingerezi cha amalume chinathera mu Fomu 2, koma zimenezo sizinkawadetsa nkhawa. Ankaima pambali pa kanema, kuyang'ana nkhope ya mzungu, n'kutiuza zimene iwowo akananena akanakhala iyeyo. Filimu imene inawatchukitsa inali ya nkhondo: asilikali m'nkhalango ya mvula, matope lekeza m'mawondo, midzi ikuyaka. Tinaionera mpaka tepi inayamba kuchita mizeremizere. Akuluakulu ena amene anathawa nkhondo ku Mozambiki ankatuluka mwakachetechete ikafika pakati. Ife ana tinkangoomba m'manja.

Tsiku lina a Fulayi anabwera ndi tepi yatsopano kuchokera ku Limbe. Wogulitsa anawaonetsa dzina pa chikuto n'kuwauza kuti amene anapanga ya nkhondo ija ndi yemweyu. Iwo sanavutike n'kuiyesa. Anangolemba ndi choko pa bolodi kuti NKHONDO GAWO LACHIWIRI. Anthu anadzaza mpaka ena kukhala pansi. Anabweranso ngakhale bambo anga, amene sanali munthu wa mavidiyo. Chaka chimenecho anali wapampando wa komiti yolemba mayina a anthu olandira timatumba ta mbewu ndi feteleza waulere, ndipo chisankhidwireni ankavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anawapatsa mpando kutsogolo.

Filimu inayamba. Tinaona nyumba zazitali, azibambo a masuti, matelefoni. Mmodzi akatsegula chikwama tinkati mfuti ija ndi imeneyo, koma munkatuluka mapepala. Anthu anayamba kung'ung'udza, wina kumbuyo n'kukuwa kuti nkhondo ili kuti. Amalume thukuta linali kamukamu. Anadzandiuza nditakula kuti sankamva kanthu, kupatula kuti bambo wina wa tsitsi losalala ankadya za anzake uku akumwetulira.

"Takhalani chete, anthuni," anatero amalume. "Nkhondo yake ndi yomweyi. Kuja ankaombera ndi mfuti, munthu n'kugwa pomwepo. Kuno akuombera ndi cholembera, munthu n'kumayendabe osadziwa kuti anamupha kalekale."

Anthu anakhazikika. Posakhalitsa mu ofesi ya wosalala tsitsi uja munalowa mdala wina wooneka wodandaula. Wosalala tsitsiyo anatambasula manja n'kulankhula motalika, ndipo amalume anamupatsa mawu: "Pepani achimwene, dzina lanu silinatuluke. Nkhani imeneyi ndi ya kumtunda. Ine ndangokhala wantchito chabe."

Chisakasa chonse chinafa nacho chiseko. Mawu amenewo aliyense ankawadziwa, chifukwa ankanenedwa pakhonde pathu m'mawa uliwonse. Ine ndinkadziwanso china chimene enawo sankachidziwa: m'chipinda chimene ndinkagona ndi mng'ono wanga munali mutasanjidwa timatumba tovindikiridwa ndi mkeka, ndipo fungo la feteleza linkatiyetsemulitsa. Koma mutu wanga wa Sitandade 6 unali usanalumikize zinthu ziwirizi. Ndinangosangalala kuti kwa nthawi yoyamba ndazindikira munthu wa mu filimu, ndiye ndinakuwa ndi mtima wonse kuti, "Ngati ababa!"

Chiseko chinaduka. Kunangomveka jenereta panja. Makosi onse anatembenukira ku mpando wa kutsogolo. Kenako a Namulewa, mayi wamasiye amene anali atabwezedwa pakhonde pathu katatu, analankhula mofatsa ndi kamvekedwe kawo ka Chilomwe. "A Layisoni, tandifunsireni mzunguyo ngati langa lituluke chaka chino."

Bambo anaimirira, kumanga mabatani onse a jekete, n'kutuluka.

Kunyumba bambo sakanatha kuwakalipira amalume, poti bambowo anali mkamwini, ndipo nyumba yathu ndi munda womwe zinali pa malo a kwawo kwa amayi. Amayi mapoto anawakwecha ndi mchenga mpaka anzathu oyandikana nawo anamva. M'mawa mwake bambo analengeza kuti kwabwera mayina ena kuchokera ku boma. Mayinawo anatulukira m'chipinda chathu, pa njinga, ndipo loyamba linali la a Namulewa. Chipinda chinakula mwadzidzidzi. Kunena zoona, timatumba tiwiri tinatsalabe pansi pa mkeka.

Chilango changa chinali kupalira ndekha munda wa nandolo sabata yathunthu. Tsiku lomaliza bambo anabwera, n'kuima kumapeto kwa mzere manja ali kumbuyo.

"Za nkhondo zija uzikaonera," anatero. "Koma za masutizi ayi. Zimawononga ana."

Ndinamvera. Ndinaoneranso midzi ikuyaka kambirimbiri ndi chilolezo cha makolo.

Mafilimu awiriwo ndinadzawaoneranso nditakula, Chingerezi ndikuchimva. Ndinapeza kuti amalume analakwitsa pafupifupi chiganizo chilichonse, koma nkhani yake sanaiphonye. Bambo anamwalira ali mkulu wa mpingo, ndipo ndimawasowa, ndi jekete lawo lomwe.

Lero pamalo pa chisakasa paja amatchajapo mafoni. Ana anga amaonera mafilimu aliyense payekha, chala pa galasi, timawaya tili m'makutu. Makomiti akadalipo, mayina akupitirizabe kusatuluka, ndipo mafilimu onena za anthu adyera achuluka kuposa kale. Kungoti masiku ano wakuba akalankhula pa kanema, mwana amaseka yekha kuchipinda, wapampando nayenso n'kumaseka yekha pabalaza.