A Jogmaya Apita ku Vrindavan

A Jogmaya ankakazinga mpunga mumchenga wotentha n'kumagulitsa pasiteshoni ya sitima. Utsi unawawononga maso, moto unawasiyira zipsera m'manja, koma ntchito yomweyo ndiyo inalera mwana wawo mmodzi yekhayo, Haripada. Amuna awo, woluka nsalu, ankakonda kunena kuti, "Mvula ikakata tikapembedze ku Vrindavan, tauni yopatulika ya mulungu Krishna." Mvula inkakata chaka ndi chaka, mpaka bamboyo anatsikira kulichete asanapondeko. A Jogmaya anavala nsalu yoyera ya amasiye, nsomba n'kuleka kudya, monga mwa mwambo wawo.

Atakalamba, nyumba inayamba kuchepa. Adzukulu anakula, ndipo mpongozi wawo Sabitri ankati akadutsa pakachipinda kawo, maso ankatsalira pomwepo.

Tsiku lina Haripada anati, "Amayi, konzekani. Ndikupita nanu ku Vrindavan."

Mayiyo analira ndi chimwemwe. Anazungulira mudzi wonse kutsanzika.

"Iwe ndi mawondo akowo?" anawaseka a Putul, mnzawo wa paubwana. "Ukakagubuduka pamakwerero a kachisi usakanene kuti ndiwe wa mudzi uno!"

"Nsanje basi, nkhalamba iwe! Tsala uzilondera ng'ombe."

Mmawa wa ulendowo anapeza Sabitri akuwalongedzera katundu. Anaikamo nsalu zawo zonse, kamphika kamkuwa, chithunzi cha malemu aja, pamwamba pake bulangete. Inali nyengo ya dzuwa loswa mtengo, mango akupsa.

"Bulangeteli n'lachiyani kutentha konseku, mwanawe?"

"Akuti kumeneko kumazizira, Amayi," anayankha Sabitri osadzutsa mutu.

Kumazizira inde, koma chisanu chinali chidakali kutali. Ndipo panalibe amene sankadziwa za amasiye odzaza m'tauniyo, amene amaimba nyimbo za Krishna tsiku lonse kuti alandire kampunga. A Jogmaya anayang'ana mwana wawo. Iye anali atawerama, akulimbana ndi lamba wa nsapato.

"Uikemonso mafuta anga opaka mawondo," a Jogmaya anauza Sabitri motsitsa mawu.

M'sitima Haripada ankawagulira tiyi paliponse pomwe yaima, n'kumawasisita mapazi. Atafika anawabereka kumsana pamakwerero a kachisi. Kenaka anawapezera malo m'nyumba ya amasiye, nayamba kuchita chibwibwi, akuti ntchito yamupanikiza, akuti adzabwera mwezi wamawa.

"Pita, mwanangu, sitima ingakusiye," anamudula. Haripada anagwada nagwira mapazi awo, misozi ili chuchuchu. Iwo anamusisita mutu.

Sanabwerenso. A Jogmaya anazolowera kuimba ndi anzawo, mawu awo osasa akumira m'khamulo. Sanamvekepo akumunena mwanayo. Wina akafunsa kuti anafika bwanji, ankayankha kuti, "Anandibweretsa mwana wanga, yekha ndithu."

Anamwalira m'chisanu cha chaka chotsatira. Amasiye anzawo ndiwo anawasambitsa, n'kupempha anyamata okoka ngolo kuti awanyamule kupita nawo kumtsinje wa Yamuna, kumene amawotchera maliro.